Za mwana uja wa mtedza

Kasungu
9 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chamasula, ndipo a fodya ayamba kuthyola ndi kusoka, moti zigafa zikudzaza.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndaumvera kangapo. Mwana wanu wamkulu, ali chaka chachiwiri chokha pa yunivesite, amutenga kuti akagwire ntchito m'labotale masabata 10 nthawi ya holide, pogona amupatsa, ndalama ya m'thumba amupatsanso! Mumuuze kuti bambo ake aang'ono anyadira. Nditangomva ndinalowa pa intaneti kuti ndione ngati ana athu kuno angalowe nawo mu pologalamu imeneyo ya National Science Foundation, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi. Ndinapeza kuti ndi ya nzika za America ndi amene ali ndi chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale. Palibe chodandaula, ndi misonkho yawo. Chimene chandisowetsa tulo ndi nzeru yakeyo, yoti mwana asanalandire ndi digiri yoyamba yomwe, amupatse ndalama kuti afufuze funso limene likumuvuta mumtima.

Ndili ndi mwana wotere kuno. Ndinamuphunzitsa sayansi kuyambira Fomu 1 pa sekondale yathu yoyendera ija, yopanda labotale, imene madzi oyesera zinthu timatunga pa mjigo. Makolo ake amalima mtedza cha ku Santhe. Anakhoza MSCE, a NCHE anamusankha kupita ku yunivesite, ndipo tsopano akuchita za ulimi chaka chomaliza. Pa Khirisimasi anabwera kunyumba ndi mapepala atatu, nandiuza kuti akufuna kufufuza za chuku.

Inu mukudziwa mmene timaswera mtedza kumudzi. Makoko akauma gwa, amayi amawaza madzi kuti afewe, zala zisapweteke. Ena amayanika pansi penipeni, ena amathira m'matumba usanaumitsitse chifukwa mavenda afika ndi sikelo. Chinyezi chimenecho ndicho chimaitana nkhungu ija asayansi amati Aspergillus flavus, ndipo nkhunguyo imasiya poizoni wa aflatoxin, wosaoneka ndi maso, amene kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akatswiri amamuloza chala pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu umene poizoniyu wapitirira ma microgram 4 pa kilogalamu. Chimene chimandiwawa ine nchakuti wabwino timasankha nkugulitsa, wonyala ndi wofufuzidwa uja nkutsala pakhomo, ndiye umene timasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana.

Mwanayu akufuna atenge mtedza m'makomo 30, ena oyanika pansi, ena pa thandala, ena ounjika mitengo yake mozungulira muja alangizi amati Mandela cock, akauyeze aone kusiyana kwake. Mphunzitsi womuyang'anira anavomera kuti funsolo ndi labwino. Koma zoyezera nzogula, ndipo chitsanzo chilichonse chimadya ndalama yake. Onjezanipo minibasi yopita ndi kubwera, kabaza wolowa m'midzi, timatumba, kusindikiza ndi kumanga buku lake. Ndalama ya ngongole imene amalandira imathera pa fizi, lendi ndi chakudya. Ndiye anandiuza, maso ali pansi, kuti mwina angosintha mutu, alembe mafunso papepala, afunse anzake a pa kampasi zimene amadziwa za chuku, basi atenge digiri. Achimwene, ndinakhala chete nthawi yaitali. Digiri atenga ndithu, koma funso la amayi ake litsala osayankhidwa.

Sindikunena kuti chithandizo kulibe. Lamulo la 2015 linakhazikitsa bungwe la HESLGB kuti lizipereka ngongole kwa ophunzira osowa, komanso mphatso ya ndalama kwa amene akhoza mopambana. CAMFED yaphunzitsa atsikana ambiri m'dziko muno. Mastercard Foundation, kuyambira 2012, yakhala ikulipirira ana anzeru a mu Africa m'mayunivesite monga Makerere, Cape Town ndi Edinburgh. Ndi kwathu konkuno, Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, inkatola ana okhoza bwino m'maboma onse nkumawaphunzitsa ulere. Zonsezi nzabwino, ndipo ndimalimbikitsa ana anga kulemba makalata opempha chaka chilichonse. Koma zambiri zimathandiza mwana kulowa pakhomo ndi kukhala m'kalasi. Akafika poti apite kumunda kapena kulabotale ndi funso lake, amatembenukira kwa makolo, ndipo kholo lake ndi mlimi amene mwezi uno akudya kamodzi.

Palinso china chimene ndimalimbana nacho pa mawu akuti "wokhoza bwino". Tikamayeza ndi mapointi okha, mwana wa mapointi 6 wochokera pa sekondale yogonera konko, yokhala ndi magetsi ndi mabuku, adzapambana nthawi zonse mwana wa mapointi 16 amene ankayenda mtunda wautali m'mamawa mimba ili pululu, ndipo maikulosikopu anayamba kuiona pa chithunzi. Wa 6 uja sindikumuchepetsa, anakhetsa thukuta. Koma ine ndagwira choko zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mwana woloweza ndi mwana wofunsa mafunso nthawi zina sakhala mmodzi. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe. Anasiya sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nkumakabwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono, napanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala. Panthawiyo analibe satifiketi yoti aonetse munthu. Nyuzipepala inamulemba mu 2006, anakayankhula pa msonkhano ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007, anthu akufuna kwabwino anamulipirira, ndipo mu 2014 anamaliza ku Dartmouth College, ku America. Anamuzindikira chifukwa cha chinthu chimene anapanga ndi manja, chitaima kuseri kwa nyumba ya makolo ake.

Pempho langa ndi ili. M'gulu lathu la anzathu akale a kusekondale tilimo ambiri, ndipo pa maliro timasonkha msanga osakakamizana. Bwanji tisonkhenso kamodzi pachaka, tithandize ana awiri kapena atatu a m'boma lino amene ali chaka chomaliza? Asamasankhidwe pa chibale, ngakhale pa mapointi a Fomu 4. Aliyense alembe masamba awiri: funso lake nlotani, adzaliyankha bwanji, ndalama idzapita pati. Abweretse kalata ya mphunzitsi womuyang'anira. Atatu mwa ife awerenge mayina ataphimbidwa, ndipo ine pa mwana wangayu ndisakhale nawo poweruza. Ndalama tizipereka pang'onopang'ono, ya zoyezera tizilipira kulabotale mwachindunji, malisiti aziikidwa pagulu kuti aliyense aone. Ndikufunanso lamulo limodzi limene sindingagonjepo: akamaliza abwerere kumudzi kumene anatenga zitsanzo, akhale pansi pa mtengo ndi amfumu, alangizi ndi alimi, awafotokozere m'Chichewa zimene wapeza. Anthu athu atopa kufunsidwa mafunso ndi alendo onyamula mafayilo amene sabweranso.

Ndayamba ndi inu chifukwa mawu anu amamveka pagulu paja, komanso mwaona ndi maso mmene zimayendera kumeneko. Mufunseni mwana wanu fomu imene anadzaza, mutitumizire tione zimene tingatengepo.

Nthawi ndiyo yatithina. Mtedza ayamba kukumba mu Epulo ndi Meyi, ndipo zitsanzo ziyenera kutengedwa ukuuma, apo ayi adikira chaka china chimene iye alibe. Ndamuuza kuti asasinthe mutu mpaka kumapeto kwa mwezi uno. Mapepala ake atatu aja ndawajambula, ndikutumizirani usiku uno netiweki ikakhala bwino.

Mupereke moni kwa alamu. Amayi anu ndinawaona ku tchalitchi Lamulungu, ali bwino, akuti mwendo uja wasiya kuvuta.

Ndine mnzanu wa ku Kasungu.