Chilengezo: Loweruka likudzali tikambirana za chete mu ndakatulo

Alakatuli anzanga,

Pa mkumano wathu wa Loweruka likudzali tidzakambirana za chete ngati chiphiphiritso mu ndakatulo. Ndasankha mutuwu chifukwa ndakatulo zambiri zomwe mwatumiza posachedwapa zikutchula chete, koma ambirife tikumulemba ngati ndi chinthu chimodzi. Pali zii wa m'nyumba imene mwangochitika maliro, mpando wa malemu uli pomwepo koma palibe wolimba mtima kukhalapo. Pali duu wa munthu wokwiya amene wameza mawu. Ndiye pali chete wa mantha, amene ine amandikhudza kwambiri. M'nthawi ya Stalin, yemwe ankalamulira dziko la Soviet Union mwankhanza, mlakatuli wa ku Russia Anna Akhmatova ankalemba mizere pakapepala, mnzake n'kuiloweza pamtima osatulutsa liwu, kenako iye n'kutentha kapepalako poopa akazitape a boma.

Tidzaonanso momwe chete amalowera m'kalembedwe: pamene mwadulira mzere, mpata wopanda kanthu pakati pa ndime, ndi pomwe mumapumira polakatula.

Aliyense abwere ndi ndakatulo imodzi yakeyake yosapitirira mizere 20, yomwe mulibe liwu loti "chete" koma omvera amumve. Si chapafupi, ndikudziwa, inenso ndafufuta kale kangapo. Wina akatha kulakatula tizidzadikira pang'ono tisanaombe m'manja.

Amene simukwanitsa kubwera, tumizani ndakatulo yanu kwa mlembi pofika Lachinayi, tidzakuwerengerani.

Wanu,
Wapampando