Ngumbi za pakhonde ndi kope la azakhali ako

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Uli bwanji? Dzino linkagwedera lija linachoka? Loweruka ukwanitsa zaka 8, ndipo ine kuno ndikuwerenga masiku ngati kekeyo ndidzadya nawo.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri madzulo. Kunayamba kamphepo konunkhira dothi, kenako pamalata chiphokoso choti sungamve mnzako akulankhula. Itangokata, ngumbi zinatuluka pachulu chija cha kuseri kwa khola la mbuzi, zonse ulendo wa pagetsi la pakhonde. Zinkazungulira, kugundana, kugwera m'beseni la madzi limene agogo ako aakazi anatchera pansi pake. Kunabweranso chule wosaitanidwa, chimimba chili apo. Anakhala pasitepe osasuntha, lilime lokha ndi limene linkagwira ntchito, mpaka anakhuta n'kulephera kudumpha ngalande. Kutacha pakhonde panali mapiko okhaokha. Ukanakhalapo bwenzi utawerenga zingati?

Unandifunsa pa foni chifukwa chimene azakhali ako amapitira m'matchalitchi a eni ake atanyamula kope. Iwo amaphunzira za magulu atsopano achipembedzo. Anthu amangowatcha mipatuko, koma akatswiri dzinali amalipewa, chifukwa munthu ukayamba ndi kumunyoza sakuuzanso kanthu. Ku Zomba komwe amaphunzirako kunali Bambo Joseph Chakanza, wansembe wa Katolika, amene analemba mndandanda wa mipingo yoyambitsidwa ndi Amalawi eniake, umodziumodzi.

Ntchitoyo imayamba ndi odi. Umapita kwa mtsogoleri, kunena dzina lako ndi chimene wadzera. Akakulola, umakhala kumbuyo, ndipo ngati eni ake avula nsapato nawenso uvule. M'kopemo umalemba tsiku, nthawi imene mapemphero ayamba ndi imene atha, amuna angati, akazi angati, ana angati, ndani akulankhula, chopereka akusunga ndani. Zonsezi uzilembe tsiku lomwelo, chifukwa ukagona nazo mutu umawonjezeramo zake. Kenako umacheza ndi anthu a mitundu itatu: amene ali m'gulumo, amene anatulukamo, ndi abale awo. Ukafunsa otuluka okha umva zoipa zokhazokha, ngati kufunsa za mchimwene wako mutangolimbirana mpira. Ukafunsa a m'kati okha, ndiye zonse n'zokoma ngati uchi. Mayina awo enieni salembedwa m'buku, kuopa kuwaika m'mavuto. Mchimwene wakoyo anasiya kulira posamba?

Tibwerere ku ngumbi zija. Ku London kuli mayi wina, Eileen Barker, amene anatha zaka zingapo akuyendera mpingo wa Unification Church, umene Sun Myung Moon anayambitsa ku Korea mu 1954, ndipo nthawi zina ankagona m'nyumba zawo. Makolo ankadandaula kuti ana awo akangopondako amazunguzidwa mutu moti sangathenso kukana. Mayiyu sanatsutse, sanavomereze, anangoyamba kuwerenga. Anatsata anthu oposa 1,000 amene anapita kumisonkhano ya mpingowo ya masiku awiri mu 1979. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 90 sanalowe n'komwe, ndipo patatha zaka ziwiri otsalamo sanapose 5. Akanawerenga madzulo okha, khamu lili pagetsi, bwenzi atanena kuti onse agwera m'beseni. N'chifukwa chake azakhali ako amabwereranso kumpingo womwewo chaka chikatha.

Pena zimalakwika ndithu. Mu 1954 ku America kunali kagulu kamene kankati pa 21 December kubwera chigumula, ndipo iwo okha adzatengedwa ndi chombo chochokera kumwamba. Wofufuza wina, Leon Festinger, ndi anzake analowa m'kaguluko akunamizira kuti nawonso akhulupirira, n'kumakalemba zimene amva mobisa, pena ali kubafa. Koma kaguluko kanali kakang'ono, ndiye eni ake poona alendo akubwera motsatizana anati ichi n'chizindikiro chakuti tikunena zoona. Mmodzi wa ofufuzawo mpaka anapemphedwa kutsogolera msonkhano! Waona? Anadzera kuonerera, koma anathira nawo mchere m'ndiwo za eni ake. Chigumulacho sichinabwere. Masiku ano wofufuza asanapite kukacheza ndi anthu, aphunzitsi ake amayamba aona ngati sakukanamiza aliyense.

Magulu ambiri otere ndi anthu wamba, olima ndi kugulitsa tomato ngati ife. Koma alipo ochepa amene amaletsa ana kupita kusukulu kapena kuchipatala, ndipo awa ndi amene amandisowetsa tulo ndikaganiza za iwe. Munthu aliyense, kaya wavala mkanjo woyera bwanji, akadzakuuza kuti "izi usakawauze amayi ako", tsiku lomwelo ukawauze. Wamva, mwanawe? Ndipo pobwera kusukulu uziyenda ndi anzako, osadzera njira yachidule ija ya kumtsinje, madzi ayamba kale kudzaza.

Ngumbi takazinga ndi mchere, taziyanika, ndipo zako agogo ako aakazi asunga m'botolo, ine andiletsa kuyandikirako. Amalume ako abwera nazo Lachisanu pamodzi ndi kope latsopano la mizere. Mvula ikagwa kwanuko, ukhale pakhomo, undiwerengere achule, ulembe tsiku ndi nthawi. Amene ali ndi chimimba umulembe payekha.

Ndine agogo ako aamuna