Tisamanyoze woyendetsa ndege akabwerera panjira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a kuno ku Chigwa cha Shire pa nkhani imene yakhala ikundivutitsa mumtima chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Misewu itaduka, abale athu ambiri ankangodalira maboti ndi ndege za helikopita kuti alandire chakudya ndi mankhwala. Tsiku lina m'mawa tinaima pabwalo lamatope, ana atanyamula mbale, tikumva kulira kwa helikopita m'mitambo yomwe inali itatsikira pafupi ndi nsonga za mitengo. Inazungulira kawiri osaoneka, kenako kulira kuja kunazilala. Anthu anatukwana woyendetsayo kuti ndi wamantha, ndipo ineyo, ufa utandithera m'nyumba, ndinadandaula nawo.

Lero ndikuona kuti tinamulakwira munthu uja. Ife amene timawoloka Shire pabwato tikudziwa kuti madzi akakwiya, mawu omaliza amakhala a wogwira nkhafi, ngakhale m'bwatomo mutakwera a gulupu. M'mlengalenga malamulo amanenanso chimodzimodzi. Bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, lomwe linabadwa ndi pangano la ku Chicago la 1944, linalemba kuti mkulu woyendetsa ndege ndiye ali ndi ulamuliro womaliza pa ndegeyo, ndipo amaloledwa kupatuka pa malamulo a masiku onse ngati palibenso njira ina yotetezera miyoyo.

Izi sizikuchepetsa ntchito ya ogwira m'nsanja zowongolera ndege, monga za ku Chileka ndi ku Kamuzu International Airport. Woyendetsa akanena kuti "Mayday" katatu pa wailesi, kapena akatchera nambala ya 7700 pa makina ake, zomwe ndi zizindikiro zoti ndege ili pangozi, wa m'nsanja amapatutsa ndege zina, amamuuza za nyengo ndi bwalo lapafupi, n'kuchenjeza ozimitsa moto. Koma iye saona zimene woyendetsa akuona pagalasi, ndipo samva mmene injini ikulirira. Pa 15 Januwale 2009, mbalame zitawononga injini zonse ziwiri za ndege ina ku New York, wa m'nsanja anapereka mabwalo oti iterepo, koma woyendetsa ndegeyo, Chesley Sullenberger, anayankha kuti sizitheka ndipo anaitsitsira pa mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anapulumuka.

Ifenso mitambo tikuidziwa ukali wake. Pa 10 Juni 2024 ndege yomwe inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, malemu Saulos Chilima, inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha anthu onse 9. Sindikuloza chala munthu aliyense pa ngozi imeneyi, koma chisoni chake chinandikumbutsa m'mawa uja wa pabwalo lamatope, ndipo ndinachita manyazi ndi mawu amene ndinalankhula.

Mvula ikubweranso, ndipo Shire ndi Ruo zikasefukira ndegezi tidzazifunanso. Ndikupempha mafumu ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi yathu kuti afotokozere anthu zimenezi madzi asanafike. Akuluakulu okwera ndegezi nawonso asamaumirize woyendetsa kuti atere chifukwa choti anthu akudikira pansi. Ndipo kwa okonza maulendo a thandizo, chonde muzitumiza uthenga pafoni ndege ikabwerera, kuti amayi ndi ana asamangoima padzuwa kapena pamvula mpaka madzulo osadziwa chimene chachitika.

Ine wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje