Kalata kwa Bwana DC: zimbudzi tinakumba, nanga zikadzaza tizikataya kuti?

Bwana DC,

Ndine mayi wa m'komiti ya mjigo pa kamsika kena ka m'mbali mwa nyanja m'boma lanu lino. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi tayitula kangapo pa misonkhano ya chitukuko, koma imangothera m'buku la mlembi.

Alangizi a zaumoyo ndi mafumu atabwera ndi uthenga woti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, tinamvera. Tinakumba, tinaika chivundikiro, pakhomo pake mpondagiya. Kutchire tinasiya. Koma palibe amene anatiuza chochita dzenje likadzadza.

Kuno dothi ndi mchenga. Mukakumba kufika m'chifuwa, madzi ayamba kale kutumphuka pansi. Alangizi amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo akunena zoona, koma maploti a pamsika ndi opanikizana. Pakhomo panga ndakwirira maenje awiri, lachitatu lili pafupi kudzadza, ndipo malo otsala ndi a kumbali ya chitsime cha aneba.

Dzinja lathali chimbudzi cha pamsika chinasefukira usiku. Kutacha ndinatsata madzi akudawo ndi maso anga. Anadutsa kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, natsetsereka ndi ngalande mpaka padoko, pomwe mtsikana wina anagwada akutsuka mapoto ndi mchenga, mng'ono wake akusamba pambali. Amene amapopa zimbudzi kuno ndi anyamata a ganyu. Amabwera usiku ndi ndowa, manja ali pamtunda, nakataya kudambo. Ine sindiwadzudzula anawa, chifukwa malo ena otayirako kulibe.

Bwana, kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a kunyanja ndi ena mwa amene analira kwambiri. Kampeni ya Tithetse Kolera itayamba mu 2023 tinalandira klorini, tinathira m'zidebe. Zinatithandiza, tikuthokoza. Koma klorini amateteza madzi amene ndatunga kale. Nyansi zimene zikulowa m'nthaka ndi m'nyanja sazigwira.

Chimene tikupempha si mapaipi a m'tauni kapena makina odya magetsi. Tikupempha malo amodzi otchingidwa ndi mpanda, kumtunda, kutali ndi zitsime, komwe zopopedwa zizikatayidwa. Pakhale mabedi a simenti oyalidwa miyala ndi mchenga, kuti matope aziuma ndi dzuwa, madzi azisefekera pansi. Madziwo azilowa m'maiwe otsatizana. Loyamba limakhala lakuya, zolemera zimadikha pansi n'kuwola. Otsatirawo amakhala osaya, dzuwa ndi ndere zimapha tizilombo toyambitsa matenda m'masabata angapo. Pomaliza madzi angadutse m'dimba la bango asanabwerere m'nthaka. Ngakhale mzinda wa Lilongwe umagwiritsa ntchito maiwe otere ku Kauma. Athu angakhale aang'ono, olingana ndi msika, sukulu ndi makomo ozungulira. Dzuwa ndiye kuno sitisowa.

Ndikudziwa chimene chimapha zinthu zotere, chifukwa mijigo yakufa ndayiona yambiri: kusowa woyang'anira. Tsiku lililonse la msika timadula chiphaso. Khonsolo ipatule gawo la ndalama imeneyo yolipira munthu mmodzi wotchetcha, wochotsa zinyalala m'maiwe ndi wotseka geti kuti ana ndi mbuzi asalowe. Anyamata opopa aja alembedwe m'kaundula, apatsidwe magambuti, magolovesi, pampu yamanja ndi migolo yotseka, azigwira ntchito masana.

A gulupu avomera kupereka malo. Ife tiumba njerwa ndi kututa mchenga monga tinachitira pomanga sukulu. Kwa inu tikupempha injiniya woti adzayeze nthaka, ndiponso kuti ntchitoyi ilowe mu bajeti ya khonsolo ya chaka chikubwerachi. Injiniyayo abwere mu Febuluwale mvula ili mkati, ndidzamuyendetsa ndekha kuchokera pachimbudzi cha pamsika mpaka padoko.

Ine wanu,
Mayi wa m'komiti ya mjigo