Ndipite kukaphunzira kunja kapena ndikhale ndi odwala a ku Chilobwe?

Okondedwa Alangizi,

Ndine dokotala wachitsikana. Ndinaphunzira ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ndimagwira ntchito m'chipinda cholandirira odwala mwakayakaya pachipatala china muno mu Blantyre. Usiku timalandira anyamata a kabaza othyoka miyendo, ovulala pa ngozi za minibasi, komanso anthu ofa ziwalo chifukwa cha BP yomwe sankadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche mu Marichi 2023, ine ndi anzanga ena anamwino tinayamba kuthandiza mwaulere anthu a ku Chilobwe omwe anali m'misasa. Misasayo inatsekedwa, koma ife sitinasiye. Loweruka lililonse timakhala m'kachipinda ka tchalitchi china, kuyeza BP ndi shuga, kutsuka zilonda ndi kutumiza kuchipatala amene matenda awakulira. Pali agogo ena amene amafika m'mamawa, kabuku kawo kakuchipatala atakakulunga m'jumbo kuti kasanyowe, ndipo salola kuti wina awasinthire mankhwala ine ndisanawaone. Anthu ngati amenewa ndi omwe, akapanda kuyezedwa msanga, ndimadzakumana nawo pamachira atakomoka kale.

Tsopano ndapeza mwayi wokaphunzira ukadaulo wothandiza odwala mwadzidzidzi ku South Africa kwa zaka zinayi. Madokotala a ukadaulo umenewu ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho ndikudziwa kuti ndikadzabwerako ndidzatha kupulumutsa anthu ambiri ndiponso kuphunzitsa ena. Komabe pagulu lathu la Loweruka dokotala ndine ndekha, ndipo anzanga akuntchito amene ndawapempha kuti alowe m'malo mwanga akuti tsiku lopuma amakagwira ganyu ku zipatala zolipira kuti apeze ya lendi. Sindingawadzudzule, pakuti zinthu zakweradi mtengo.

Mayi anga akuti ndipite, mwayi wotere sudikira munthu. Koma amandifunsanso kuti fizi ya mng'ono wanga wa Fomu 3 idzachokera kuti, popeza ndine woyamba kubadwa ndipo bambo anatisiya.

Ndagwira njakata, Alangizi. Kodi ndipemphe kuti andidikire chaka chimodzi ndiyambe ndapeza wondilowa m'malo, ngakhale kuti malowo angapatsidwe kwa wina? Nanga ndikasankha kupita, agogo aja ndi anzawo ndiwauze bwanji kuti asaone ngati ndawataya?

Ine wothedwa nzeru,
Dokotala, Blantyre