Ndakwera phiri la kuno, Bambo

Glasgow, 8 Disembala

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Ine ndili bwino, kupatula ntchafu zomwe zikuwawa ngati ndalima maekala awiri ndekha. Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza Lachisanu, muwauze achemwali akatape msanga mitengo isanakwerenso.

Bambo, musaseke: Loweruka ndinakwera phiri. Mnzanga wina wa kuntchito, nesi wa konkuno ku Scotland, ananditenga pa galimoto yake mpaka pa Rowardennan, m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, pomwe pamayambira njira ya ku Ben Lomond. Atandiuza kuti phirilo ndi lotalika mamita 974, ndinamuyankha kuti kwathu ku Mulanje chimenecho ndi chulu, poti Sapitwa ndi 3,002. Anangomwetulira, n'kundipatsa magolovesi ena oti ndivale pamwamba pa anga.

Tinanyamuka cha m'ma 9 koloko, kutangoyera kumene, chifukwa mwezi uno dzuwa limatuluka mochedwa ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale. Kumunsi kunali matope basi. Titakwera ndithu mitengo n'kutha, ndi pamene ndinaponda chipale chofewa, chimene kuno amati sinowo. Mayi, chimaoneka ngati ufa woyera woyanika pa mphasa, koma phiri lonse. Ukachiponda chimalira pansi pa nsapato. Ndinavula golovesi kuti ndichigwire, ndipo posakhalitsa zala zinayamba kuwotcha ngati ndagwira khala lamoto. Si matalala aja amaononga chimanga, ichi chimagwa mwakachetechete. Ndinagwa chagada kawiri, mpaka mnzangayo anandimangirira timano tachitsulo kunsi kwa jombo.

Pamwamba pali kachipilala ka simenti ndi mphepo yoti munthu sungathe kuyankhula. Nyanja yonse imaoneka pansi, ndi tizilumba take, kwinaku mapiri oyera okhaokha mpaka kumene maso alekezera. Tinamwa tiyi wa m'fulasiki titaimirira. Mnzangayo atandipatsa buledi ndinamuuza za chakudya cha mizimu cha pa Mulanje, chija amati ukachipeza uzingodya osaitana mnzako. Anati mizimu ya kwawo siphikira munthu.

Chimene chinandikhudza n'chakuti kuno kulibe onyamula katundu. Aliyense amabereka chikwama chake, ngakhale agogo a imvi amene anatipitirira pa njira. Changa chinali ndi madzi, juzi ndi buledi basi, koma mapewa anatopa. Ndinakumbukira inu, Bambo, zaka zonse zija mukunyamula zikwama za azungu kuchokera pa Likhubula kukafika ku Chambe, mutavala nsapato za matayala, madzulo n'kubweranso ndi kasopo ndi shuga. Ndili mwana ndinkakufunsani kuti anthuwa amakafunako chiyani kumwambako, inu n'kumati akadziwa okha. Ndafikako tsopano, komabe yankho ndilibe. Ndinangozindikira kuti kwa maola asanu sindinaganizeko za lendi kapena za shifiti ya usiku.

Kutsika ndiye kunavuta kuposa kukwera. Kodi maondo inu munkawatani? Ndipo bondo lanu lija likupeza bwanji ndi mvulayi?

Zithunzi ndatumiza pa WhatsApp ya achimwene. Wofunda ngati mtolo wa kaunjika uja ndi ineyo. Moni kwa agogo ndi ana onse.

Ine mwana wanu