Kwa achemwali ogulitsa dip powder: bwezani ndalama zanga, ndipo za supa guluu zija musamauzenso anthu

Achemwali, ndikulemba poyera chifukwa njira zakumbali zonse mwazitseka. Pa WhatsApp chithunzi chanu chinazimiririka Lachinayi lapitali, mauthenga anga akungothera panjira, foni ndikaimba sikulowa. Ndemanga ziwiri zimene ndinalemba pansi pa kanema wanu pa Facebook mwafufuta, mwasiya za okuyamikirani zokhazokha. Dzina lanu sinditchula, ngakhale la bizinesi yanu. Mukudzidziwa nokha, ndipo ndikudziwa kuti muwerenga, poti ena mwa amene amakufalitsirani malonda ndi anzanga pano.

Ndine uja wa ku Mangochi amene ndinakutumizirani K95,000 ya seti ya dip powder, ufa wokongoletsera zikhadabo umene umamatidwa ndi mankhwala ake, ndi K7,000 ina yotumizira katundu. Ntchito yanga ndi kuluka tsitsi pakhonde, ndipo zikhadabo ndakhala ndikupaka anthu kyuteksi wamba kwa zaka zinayi. Koma kyuteksi wamba kuno sachedwa. Mayi amene m'mawa wachapa, masana wapala chambo, madzulo wakwecha mapoto ndi mchenga, pofika mawa lake zikhadabo zimakhala ngati khoma la nyumba yakale. Kyuteksi wa gel ndinamuganizirapo, koma amafuna kanyali koumitsira, ndipo magetsi akathima kasitomala amangotsala manja ali m'mwamba. Dip powder safuna nyali, ndipo akapakidwa bwino amatha masabata atatu. Ndinaonera makanema ambiri mpaka bandulo kumandithera usiku, ndinalemba ndondomeko yonse m'kope, kenaka ndinasunga ndalama miyezi iwiri. Ndinkafuna kuyambira pa chinkhoswe cha mng'ono wanga kwa Mpondasi, kuti anthu aone ntchito pa manja a mwini tsiku.

Mtengo sindinanenerere. Munati katundu amachokera kunja, dola ikuvuta, ine ndinamvetsa. Tonse tinaona mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mpaka lero sizinatsike. Ndinangokufunsani funso limodzi, lilipobe mufoni mwanga: kodi zonse ndi zatsopano ndipo zakwana? Munayankha kuti "zonse zili bwinobwino mami, musadandaule."

Munalonjeza kutumiza kudzera ku kampani yonyamula katundu, n'chifukwa chake ndinalipira K7,000 ija. Mapeto ake munapatsira kondakitala wa minibasi ku Limbe. Ndinadikira pa depoti kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa, ndikuimbira mnyamatayo, iye n'kumati tili pa Zomba, tili pa Liwonde, tadutsa Ulongwe. Katoniyo anaitulutsa kutsogolo, pansi pa mpando, pamene pamakhala injini. Inali yotentha ngati mbatata yongochotsa paphulusa. Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, palibe anamuuza kuti muli chiyani.

Nditafika kunyumba ndinayala chitenje patebulo n'kuyamba kutulutsa. Timabotolo tinali tinayi monga munanenera, koma pa tinayito tiwiri tinali ta nambala 4, top coat yekhayekha, wopaka pomaliza kuti chikhadabo chiwale. Ka nambala 3, ka activator, mankhwala oumitsira, kanalibemo. Ka nambala 2, ka base, guluu womatira ufa pa chikhadabo, chitsekerero chinakana kutseguka mpaka bambo a kunyumba anachita kugwira ndi pulayala. M'katimo munali chinthu chonga utomoni wouma, burashi itauma gwa ngati kamtengo ka machesi. Ufa unabwera mitundu isanu ndi umodzi, inde, koma itatu inali m'timabigiri topanda dzina, topanda tsiku lopangira kapena lothera ntchito, tongolembedwa ndi cholembera pamwamba kuti pinki, wofiira, golide. Pachithunzi chanu paja zonse zinali zonyezimira, zomata bwino. Chikomekome cha mkuyu.

Nditakutumizirani zithunzi munati vuto ndi kutentha kwa ku Mangochi. Apa ndiye ndikufuna tikambirane bwino, chifukwa yankho limeneli mwina mwapatsa anthu ambiri a kunyanja ndi a ku Chigwa cha Shire, iwo n'kukhala chete. Kuti kuno kumatentha sindikana, Okutobala wa kuno ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Ndikudziwanso kuti base wa dip powder ndi mankhwala otchedwa cyanoacrylate, amene amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuwonongeka kwake. Botolo likamatsegulidwatsegulidwa pamalo a chinyezi limalimba msanga. Koma achemwali, pakhosi pa kabotolo kaja panali zikhakha zakale, ndipo m'burashi youmayo munali timadontho ta ufa wapinki. Dzuwa la ku Mangochi lingaumitse guluu, koma silingatsegule botolo n'kuviika burashi mu ufa wapinki. Kabotolo kameneko kanagwirapo kale ntchito pa zala za munthu wina. Mwandigulitsa zotsala za mu saluni yanu pamtengo wa zatsopano.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikungolira ndalama. Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga wamawu umene munanditumizira usiku womwewo. Munati ndisavutike, ndikagule supa guluu pa golosale chifukwa "ndi chimodzimodzi", activator ndi wongokometsera, ndikhoza kungoyanika zala padzuwa, ndipo pochotsa ndigwiritse ntchito mankhwala wamba ochotsera kyuteksi.

Apa ndivomere kupusa kwanga. Kope langa linkanena zina, inu munkanena zina, ndipo ndinasankha kukhulupirira inu poganiza kuti wogulitsa amadziwa katundu wake. Chinkhoswe chinali chitatsala masiku anayi. Mwayi wake ndinayesera pa dzanja langa lamanzere, osati la mwana wa eni.

Supa guluu ndi base ndi pachibale, zimenezo n'zoona, koma pachibale si munthu mmodzi. Base anapangidwa kuti aziyenda pang'onopang'ono ndi burashi, akupatse mpata woviika chala mu ufa. Supa guluu wa pa golosale ndi wamadzimadzi, alibe burashi, amathamangira m'mbali mwa chikhadabo n'kulowa pakhungu. Chala chachiwiri chisanathe, chapakati ndi chinzake zinali zitamatana. Mwamantha ndinatenga thonje kuti ndipukute. Thonje lija linatentha nthawi yomweyo ngati ndagwira khala, mpaka ndinakuwa, mwana wanga n'kudzidzimuka kutulo. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti guluu wa mtundu umenewu akakhudzana ndi thonje amatulutsa kutentha koti n'kuwotcha khungu. Inu amene mumalangiza anthu zimenezi, munayamba mwawachenjezapo? Chipsera chili pa chala changa mpaka lero, chithunzi ndinakutumizirani, munachiona, simunayankhe.

Za activator nazo si zoona kuti ndi wongokometsera. Ndi amene amaumitsa guluu ndi ufa kuti zikhale chinthu chimodzi cholimba, choti munthu n'kupala ndi fayilo n'kusalaza. Top coat nayenso amadalira activator kuti aume ndi kuwala. Popanda iye, zanga zinatuluka zamabamphumabamphu, zosawala, pena zonata, ufa ukuyoyoka m'mbali. Ndinakhala padzuwa monga munanenera mpaka aneba kundifunsa ngati ndikupemphera. Patapita masiku awiri nditachapa, zinayamba kutukuka kumizu, madzi n'kumalowa pansi. Ndinayesa kuchotsa ndi mankhwala a kyuteksi aja, theka la botolo linatha osasuntha kanthu, chifukwa ambiri amene timagula m'mashopu muno ndi ofatsa, ena alibiretu acetone. Dip powder amachoka ndi acetone weniweni: umayamba wapala pamwamba, n'kunyowetsa kwa mphindi 10 kapena 15, pena kubwereza. Inu simunaike m'katoni, simunatchule n'komwe. Zikhadabo ziwiri ndinachita kusenda ndi mano chifukwa cha kutopa nazo, ndipo zinachoka ndi khungu la pamwamba la chikhadabo chenichenicho. Panopa zapyapyala ngati pepala, nsima yotentha ndikudyera dzanja limodzi lomwe linapulumuka, koma kusenda tomato kapena kufinya zovala ndi ululu. Chachitatu chimene ndinachisiya sabata yathunthu, nditachichotsa ndi acetone amene anandigawira mnzanga wa saluni, pansi pake panali pobiriwira. Ndi tizilombo timene timaswana madzi akatsekeredwa pakati pa chikhadabo ndi chomatacho. Ndikuyenera kudikira miyezi kuti chikule chichoke, ndipo woluka tsitsi manja ake ndi amene kasitomala amayang'ana poyamba.

Pali chinanso chimene mwina inu a ku Blantyre simuchiganizira. Kuno makasitomala anga ambiri ndi Asilamu. Mwa atsikana amene ndinkati ndiwapake pa chinkhoswe, awiri anandifunsiratu kuti zidzachoka bwanji mwambo ukatha, chifukwa potawaza madzi amayenera kufika pa chikhadabo. Ine ndinawalonjeza kuti Lamlungu m'mawa ndidzawachotsa bwinobwino. Ndikanatsatira mawu anu pa manja awo, ndikanawamata supa guluu ndilibe chochotsera, ndikanawayang'ana ndi nkhope yanji azimayi awo? Ku Mangochi mbiri imayenda msanga kuposa kabaza. Ukalakwitsa kwa Mpondasi m'mawa, madzulo a ku Namwera amva.

Chinkhoswe chinachitika, Mulungu ndi wabwino. Ndinabwerera ku kyuteksi wanga wakale, wofiira ndi woyera, timadontho ndi timizere ndinajambula ndi kamtengo kotokosera m'mano motsatira maluwa a chitenje chimene tinasoketsa. Anthu anayamikira, mng'ono wanga anasangalala. Koma amayi anayi amene anali atandipatsiratu K5,000 aliyense ndinawabwezera ndalama zawo tsiku lomwelo, ndi kupepesa pamwamba, chifukwa chimene ndinawalonjeza sindinawapatse. Sizinandipweteke kubweza. Ndi mmene ndimadziwira malonda.

Popeza ndayamba kale kulankhula, ndinene ndi za kanema wanu uja wa makasitomala atatu otsatizana, onse mukuwaviika zala m'kabigiri kamodzi ka ufa. Mmodzi mwa iwo m'mbali mwa chikhadabo munali mofiira, mwina mutangomudula kumene khungu. Odziwa ntchitoyi amatapa ufa pang'ono kuika m'kambale ka munthu mmodzi, kapena kuthira pamwamba pa chikhadabo, wotsalawo n'kutaya. Ndemanga yanga yoyamba imene munafufuta inkangonena zimenezi, mwaulemu, popanda ndi liwu limodzi la ndalama. Tsopano ndikayang'ana timabigiri titatu topanda dzina tija ndikudzifunsa kuti mwalowa zala zingati. Sindingapake munthu ufa umenewo, ndi ine ndemwe ayi.

Munandilozera mawu amene munalemba pamwamba pa tsamba lanu, akuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mawu amenewo angagwire ntchito pa munthu amene wangosintha maganizo pa mtundu, osati pa amene mwamutumizira botolo louma, logwiritsidwa kale ntchito, ndi seti yosakwana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, kuli bungwe la boma la CFTC limene limalandira madandaulo otere, kulinso CAMA yolankhulira ogula. Ine si munthu wokonda maofesi, tsiku limodzi losaluka ndi ndiwo za ana zimene zapita. Koma uthenga wa Airtel Money wosonyeza ndalama ndi dzina la wolandira ndili nawo, zithunzi za katoni ndisanatulutse kanthu ndili nazo, uthenga wanu wamawu wa supa guluu ndausunga m'mafoni awiri.

Chimene ndikupempha ndi K95,000 yanga. K7,000 yotumizira ija idyani, ngakhale kondakitala anandiuza kuti munamupatsa K3,000. Za chala changa sindikulipiritsani, theka la mlanduwo ndi langa chifukwa ndinamvera. Seti ina musanditumizire, mtima wogula kwa inu unatha. Ndipo uthenga wa supa guluu uja, ngati munatumiziranso ena, abwerereni muwauze kuti asayese, makamaka asayandikize thonje. Atsikana ambiri amene amagula kwa inu ndi ana asukulu, amapakana okha m'mahositelo usiku, alibe wowafunsa.

Kwa anzanga amene mukuwerenga ndipo munagulapo zotere kwa wina aliyense: katoni ikafika jambulani musanatsegule, werengani manambala a timabotolo, yang'anani pakhosi pa ka base ngati pali zikhakha, ndipo musayambe kupaka acetone musanamupeze. Base ndi top coat muzisunga pamthunzi, zotseka kwambiri, kutali ndi zenera. Amene zinakuchitikiraniponso lembani pansipa, pano palibe afufute.

Achemwali, ndikudikira mpaka Lachisanu likudzali 5 koloko madzulo. Nambala ndi yomwe ija inakutumizirani ndalama. Katoni yanu ili pamwamba pa kabati, zonse zilimo, ndi kabotolo kouma komwe. Ndalama ikangolowa ndikaipereka ndekha pa depoti Loweruka m'mawa, yotumizira ndilipira ine, ndipo kondakitala ndidzamuuza kuti asaiike pa injini.